Kuliza Njinga Yamoto M'nyengo Yozizira

M'dziko la Malaŵi nyengo yozizira imayamba m'mwezi wa Meyi ndipo imatha m'mwezi wa Ogasiti. Kuzizira kumafika pachimake m'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera okwera monga ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi pa Nyika. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Pa Nyika pamagwa chisanu choti mame amaundana pa udzu usiku. Ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre nakonso kumaomba mphepo ya chiperoni, imene imadza ndi nkhungu ndiponso mvula yowaza.

Pa nyengo imeneyi njinga yamoto imavuta kulira m'maŵa. Vuto limeneli si laling'ono ayi, pakuti anthu ambiri amadalira njingazi pa ntchito zawo. Mlangizi wa zaumoyo amakwera njinga yamoto popita kukapereka katemera kwa ana kumidzi. Mlangizi wa zaulimi amaikwera pokayendera alimi. Wakabaza naye amatha kudzutsidwa m'bandakucha kuti athamangire kuchipatala ndi munthu wodwala. Njinga ikakana kulira pa nthaŵi yotere, moyo wa munthu ungathe kutayika.

Moto wa m'kati mwa injini

Njinga yamoto imayenda ndi mphamvu ya moto umene umayaka m'kati mwa injini. Kuti motowo uyake pamafunika zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi kamoto koyatsira. Petulo amachoka m'thanki ndi kuloŵa m'chipangizo chotchedwa kabuleta. M'menemo amasakanizika ndi mpweya. Injini ikakhala yotentha bwino, gawo limodzi la petulo limafuna magawo a mpweya pafupifupi 15 poyeza kulemera kwake. Zosakanizikazo zikaloŵa m'injini, pulagi imathethetsa kamoto ndipo zimayaka mwamphamvu. Mphamvuyo imakankha chitsulo chotchedwa pisitoni, ndipo kuyenda kwa pisitoni ndiko kumazunguza gudumu la kumbuyo.

Chimene chimayaka m'injini si petulo wamadzimadzi ayi, koma nthunzi yake. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la m'nyengo yozizira.

Zimene chisanu chimachita

Choyamba, kukazizira petulo sasanduka nthunzi msanga. Mwana aliyense amene adachapapo zovala amadziŵa kuti zimauma msanga pa dzuŵa la mwezi wa Okutobala, koma zimachedwa kuuma tsiku la chiperoni. Petulo naye amachita chimodzimodzi. Kuonjezera apo, nthunzi pang'ono imene yapangika ikakhudza zitsulo zozizira imasandukanso timadontho, monga muja madzi amachitira kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Motero m'injini mumafika mpweya wambiri koma nthunzi ya petulo yochepa, ndipo moto umalephera kuyaka.

Chachiŵiri, oyilo amalimba. Ntchito ya oyilo ndiyo kufeŵetsa zitsulo za m'injini kuti zisamadyane. Kukazizira oyilo amakhala ngati uchi umene wagona panja, ndipo zitsulo zimayenda mokakamira.

Chachitatu, batire limafooka. Mabatire a njinga zambiri ndi a mavoti 12. Mphamvu ya batire imachokera ku mankhwala amene ali m'kati mwake, ndipo mankhwalawo amagwira ntchito pang'onopang'ono akazizidwa. Choncho batire limapereka mphamvu yochepa pa nthaŵi imene injini ikufuna mphamvu yambiri.

Ntchito ya choki

Amisiri opanga njinga adapeza njira yothetsera vuto la petulo. Pa kabuleta adaikapo kachipangizo kotchedwa choki. Pa njinga zambiri kachipangizoka ndi kachitseko kamene kamachepetsa njira yoloŵera mpweya. Woyendetsa akakoka choki, m'injini mumaloŵa petulo wochuluka ndi mpweya wochepa. Ngakhale petulo wina asanduke timadontho, nthunzi yotsalayo imakwanira kuyatsa moto. Izi zikufanana ndi zimene mayi amachita posonkha moto ndi nkhuni zachinyezi: amachulukitsa udzu wouma poyamba, ndipo moto ukakolera amaleka.

Njinga zina za masiku ano zilibe choki. M'malo mwake zili ndi kakompyuta kamene kamayeza kutentha kwa injini ndi kuonjezera petulo pakokha.

Kalizidwe koyenera

Woyendetsa wodziŵa ntchito yake amayamba watulutsa njinga panja. Kenaka amaona ngati m'thanki muli petulo, natsekula kampopi ka petulo. Amaonetsetsa kuti njinga siili m'giya, chifukwa ikalira ili m'giya ingathe kudumpha ndi kumugwetsa. Atatero amakoka choki ndi kupotokola kiyi.

Ngati njingayo ndi yoliza ndi phazi, iye amatsitsa chopondera pang'onopang'ono kufikira atamva kuti chalimba, ndipo pamenepo amaponda kamodzi mwamphamvu mpaka pansi. Ngati ndi yoliza ndi batani, amadina kwa masekondi osapitirira 5. Ikakana, amadikira masekondi 10 asanayesenso, kuti batire lisathe mphamvu. Pa nthaŵi yonseyi sapotokola chogwirira choonjezera moto, pakuti kutero kumasokoneza ntchito ya choki.

Injini ikalira, woyendetsa amaisiya kuti ilire pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziŵiri. Nthaŵi imeneyi oyilo amafunda ndi kufika paliponse m'injini. Kuonjezera moto kwambiri injini ikadali yozizira kumaperepesa zitsulo. Injini ikafunda, iye amabweza choki m'malo mwake. Woiŵala kubweza choki amaononga petulo wambiri, njinga yake imafuka utsi wakuda, ndipo pulagi imadzaza mwaye.

Nthaŵi zina munthu wopupuluma amaponda kambirimbiri mpaka petulo amachuluka m'injini ndi kunyoŵetsa pulagi. Chizindikiro chake ndi fungo lamphamvu la petulo. Zikatere, mankhwala ake ndi kubweza choki ndi kudikira mphindi zingapo kuti petuloyo auluke. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Njinga ikapitiriza kukana, ndi bwino kuitana makaniko kuti aone pulagi ndi batire.

Kukonzekera ndi kupeŵa ngozi

Mwini njinga wanzeru amakonzekera chisanu chisanafike. Usiku amasunga njinga yake m'nyumba kapena pansi pa denga kuti isagwedwe mame. Amasintha oyilo pa nthaŵi yake. Pa botolo la oyilo pamalembedwa manambala monga 10W-40 kapena 20W-50. Nambala yoyambayo ikakhala yaing'ono, ndiye kuti oyiloyo salimba kwambiri kukazizira. Komabe mwini njinga ayenera kutsata zimene buku la njinga yake likunena.

Pali zinthu ziŵiri zoopsa zimene munthu sayenera kuchita. Choyamba ndicho kuliza njinga m'nyumba yotseka. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Mpweya womwewu ndi umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Chachiŵiri ndicho kufunditsa injini ndi moto wa makala kapena muuni wa udzu. Nthunzi ya petulo imayaka msanga zedi, ndipo njinga, nyumba ndi anthu omwe zingathe kupsa nthaŵi imodzi.

Malamulo a pamsewu salola munthu wopanda chiphaso kuyendetsa njinga yamoto, ndipo wokwera aliyense ayenera kuvala chipewa choteteza mutu. Choncho kuliza njinga ndi ntchito ya akuluakulu. Ana angathe kuthandiza potsekula zitseko pamene njinga ikutulutsidwa, ndiponso pochotsa ana anzawo aang'ono pafupi ndi paipi ya utsi, imene imatentha kwambiri injini ikalira.

Mawu ofunika kudziŵa

pachimake: pamene chinthu chafika pokula penipeni
m'bandakucha: nthaŵi imene kuli pafupi kucha
kuthethetsa: kutulutsa timoto ting'onoting'ono
kuperepesa: kuchititsa chinthu kutha pang'onopang'ono chifukwa chokhulana
kupupuluma: kuchita zinthu mofulumira mosaganiza bwino

Mafunso

1. Tchulani madera atatu a m'Malaŵi kumene kumazizira kwambiri.
2. Ndi zinthu ziti zitatu zimene zimafunika kuti moto uyake m'injini?
3. Fotokozani zimene zimachitikira oyilo ndi batire kukazizira.
4. Kodi choki amathandiza bwanji poliza njinga yamoto?
5. N'chifukwa chiyani si bwino kuliza njinga m'nyumba yotseka?
6. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?