KIYI YA M'THUMBA YOTSEKERA CHUMA CHA BOMA

Kale, Balaka isanapatulidwe ku Machinga ndi kukhala boma palokha m'chaka cha 1998, ndalama za msonkho zinali kugona m'sefa yachitsulo, ndipo kiyi yake inali m'thumba mwa mkulu mmodzi wodziwika. Ndalama zikasowa, wofunsidwa anali iyeyo.

Lero sefa ija inalowa m'kompyuta. Malipiro a aphunzitsi ndi ndalama za makhonsolo zimadzera m'makina, ndipo chitseko chake chimatsekulidwa ndi mawu achinsinsi. Tsono mawu ndi chinthu chouluka: munthu angathe kubwereka mnzake, ndiponso mbala ingathe kuwatola ili kutali, mwini wake osadziwa.

Dziko lino linaona kale zowawa zake. M'chaka cha 2013 anthu ena analowa m'makina a IFMIS, nalipira makampani amene sanagwire ntchito, nafufuta zolembedwazo. Akatswiri a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika pakati pa April ndi September chaka chimenecho.

Chifukwa cha zotere maiko ena anabwezera kiyi m'thumba. Iko ndi kachipangizo kakang'ono, monga YubiKey, kolowetsa pa kompyuta pamene munthu afuna kutsekula tsamba lotetezedwa la pa intaneti. Tsambalo limatumiza funso, mwini kiyi amakhudza kiyiyo ndi chala, ndipo iyo imayankha pogwiritsa ntchito nambala yobisika imene situluka m'kati mwake. Tsamba lachinyengo siliyankhidwa, pakuti kiyi imazindikira dzina la tsamba limene inalembetsedwako. Kampani ya Google inalengeza mu 2018 kuti chiyambire kugwiritsa ntchito makiyi otere mu 2017, mwa antchito ake oposa 85,000 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaberedwa khomo lake ndi makalata onyenga.

Nzeru yotere si yachilendo kuno, popeza chitupa cha unzika chimene bungwe la NRB linayamba kupereka mu 2017 nachonso chili ndi kachitsulo kosunga mbiri ya mwini wake.

Komatu kiyi sisandutsa wakuba kukhala wolungama. Ntchito yake ndi kutsekereza mlendo ndi kuonetsa dzina la amene watsekula. Chotero kalaliki wa ku Liwonde kapena mphunzitsi wamkulu wa ku Ulongwe akadzalandira yake, adzayenera kuisunga monga akulu akale anasungira ya sefa: osabwereketsa, ndipo ikatayika kukanena tsiku lomwelo kuti ifafanizidwe m'kaundula.