Noradrenaline ndi Bodza Lakuti BP ndi Maganizo Chabe

Pa mawu onse amene odwala matenda a kuthamanga kwa magazi amanena akakhala pansi m'chipinda cha dokotala, palibe amene amamveka kawirikawiri kuposa akuti BP ndi maganizo, ndipo onena zimenezi ndi akumudzi ndi am'tauni omwe, ophunzira ndi osaphunzira, ngakhalenso ena ogwira ntchito m'zipatala amene anayenera kudziwa bwino. Chimene amatanthauza ndi chakuti BP imakwera munthu akakwiyitsidwa, akaferedwa kapena akasowa fizi ya ana, ndipo mtima ukakhala m'malo nayonso imatsika yokha, moti mapiritsi amafunika pa nyengo ya mavuto pokha. Masiku ano ganizoli lapeza mawu achizungu olichirikiza, popeza amene anawerengako pa intaneti amatchula adrenaline ndi noradrenaline monga mahomoni a mantha ndi mkwiyo, n'kumati munthu wopanda nkhawa alibe chomwera mankhwala.

Chimene chachititsa wolemba danga lino kulemba nkhaniyi ndi bambo wina wazaka za m'ma 50, amene anamwa mankhwala a BP mokhulupirika kwa zaka zingapo, koma anawasiya atamaliza kubweza ngongole imene inkawasowetsa tulo, poganiza kuti gwero la matenda awo latha. Patapita miyezi yochepa anabwera nawo kuchipatala mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka, ndipo akazi awo, misozi ili chuchuchu, ankangobwereza kuti pakhomo panali pamtendere, panalibe ngakhale mwana amene anawayankha mwano. Mayiwo ankanena zoona, ndipo chowawa chagona pamenepo, chifukwa banja lonse linatha zaka likuyenda monyang'ama kuti bambowo asakhumudwe, koma panalibe amene anadandaula ataona kuti mapiritsi a m'mawa asiya kumwedwa.

Kuti zimveke pamene ganizoli linasokera, m'pofunika kufotokoza chimene noradrenaline ili. Ndi mankhwala amene thupi limadzipangira lokha kuchokera ku tyrosine, kachidutswa kamodzi ka mapuloteni opezeka m'zakudya monga nyemba, mtedza, mazira ndi nsomba, ndipo popangapo tyrosine amasanduka dopa, dopa n'kusanduka dopamine, kenako dopamine n'kukhala noradrenaline, imene ku America amaitcha norepinephrine. Chichewa chili ndi liwu limodzi lakuti mtsempha lotchulira zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, zomwe ndi njira zoyendamo magazi ndiponso tingwe toyera totumiza mauthenga m'thupi, ndipo ntchito yaikulu ya noradrenaline ili pamene mitsempha ya mitundu iwiriyi imakumana. Gulu lina la mitsempha ya mauthenga, lotchedwa sympathetic, limachokera mumsana ndipo limagwira ntchito popanda mwini thupi kulilamula. Nthambi zake zimayanga pa timitsempha ta magazi monga momwe nyemba zimayangira pa phesi la chimanga, ndipo nsonga zake zimatulutsa noradrenaline imene imauza minofu ya m'mbali mwa timitsemphato kuti ifinye. Nthambi zina zimafika ku mtima n'kuuchititsa kugunda mofulumira ndi mwamphamvu, pamene zina zimafika ku impso n'kuzichititsa kusunga mchere ndi madzi komanso kutulutsa renin, chinthu china chimene chimakweza BP.

Amene anatsimikiza kuti mthenga wa mitsempha imeneyi ndi noradrenaline ndi Ulf von Euler wa ku Karolinska Institute mumzinda wa Stockholm m'chaka cha 1946, ndipo Julius Axelrod wa ku America anaonetsa pambuyo pake kuti mtsempha umene watulutsa noradrenaline umaiyamwanso yambiri n'kuisunga, zimene zimachititsa kuti uthenga wake ukhale waufupi. Awiriwa, pamodzi ndi Bernard Katz, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1970. Adrenaline ndi m'bale wake, popeza amapangidwa kuchokera ku noradrenaline m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso totchedwa adrenal, ndipo ndi iyeyo amene amakhuthulidwa m'magazi munthu akaona njoka m'njira. Pa zimene tiziwaloti timatulutsa, magawo pafupifupi 80 pa 100 ndi adrenaline, ndipo noradrenaline yambiri yopezeka m'magazi ndi yotsalira imene yataikira kuchokera ku nsonga za mitsempha zija.

Mfundo imene odwala ambiri sauzidwa, imenenso ikugwetsa bodza lonseli, ndi yakuti mitsempha ya sympathetic sidikira mantha kapena mkwiyo kuti iyambe ntchito. Imatumiza mauthenga usana ndi usiku, munthu akuseka, akupemphera kapena ali m'tulo, ndipo timitsempha ta magazi timakhala tofinyidwa pang'ono nthawi zonse, popanda mwini wake kumva kalikonse. Umboni wake umaoneka tsiku lililonse m'zipinda za opaleshoni, pamene mayi woyembekezera abayidwa jakisoni wa pamsana kuti mwana atulutsidwe: jakisoniyo amatseka mitsempha ya ululu pamodzi ndi ya sympathetic, timitsempha ta magazi ta kumunsi kwa thupi timamasuka, ndipo BP imagwa m'mphindi zochepa ngakhale mayiyo ali ndi mantha aakulu, moti wogonetsa odwala amakhala atakonzeratu diripi ndi mankhwala monga ephedrine oti afinyenso mitsemphayo. Ngati BP ikanakhala maganizo, mayi wogona pa tebulo la opaleshoni sakanakhala munthu woti BP yake igwe.

Umboni wina uli pa chinthu chimene aliyense amachita m'mawa. Munthu akadzuka pamphasa n'kuimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira kumiyendo ndi m'mimba, ndipo akanapanda chithandizo ubongo ukanachepekedwa magazi iye n'kukomoka. Koma m'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi yochokera ku mtima muli timaselo timene timamva kuti kukankha kwa magazi kwachepa, timadziwitsa tsinde la ubongo, ndipo ubongo umalamula mitsempha ya sympathetic kuti iwonjezere noradrenaline, zonsezi m'masekondi ochepa. Mwa munthu wathanzi noradrenaline ya m'magazi imakwera pafupifupi kawiri atangoima mphindi zingapo, ngakhale palibe chomuopsa. Dongosololi likawonongeka, monga zimachitikira ena amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri kapena odwala matenda a Parkinson, munthu amachita chizungulire ndi chidima m'maso akangoimirira, ndipo madokotala amalitcha vutoli orthostatic hypotension, kutanthauza kutsika kwa nambala yapamwamba ya BP ndi 20, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi zitatu munthu ataima. Agogo ena amene amagwa usiku popita kukataya madzi amagwa chifukwa cha zimenezi, ndipo kawirikawiri palibe amene amawayeza BP ataimirira.

Dzina lenilenilo lakuti kuthamanga kwa magazi, ngakhale kuti linakhazikika ndipo silingasinthidwe tsopano, limathandizira kusokonezaku, chifukwa limapereka chithunzi cha magazi othamangitsidwa ndi mtima wosakhazikika. Chimene makina amayeza ndi mphamvu imene magazi akukankhira m'mbali mwa mitsempha, ndipo mphamvuyo imakwera kwambiri timitsempha tikapanikizika kapena tikauma, monga momwe madzi amalimbira m'paipi imene yatsinidwa kumapeto. Munthu angakhale ndi BP ya 180/110 mtima wake ukugunda modekha, mutu osapweteka, nkhope ili ngwee.

Mu ubongo namonso noradrenaline ili ndi ntchito, ndipo yambiri imachokera pa kadontho ka m'tsinde la ubongo kotchedwa locus coeruleus, dzina la Chilatini lotanthauza malo obiriwira ngati thambo. Maselo a pamenepa ndi ochepa, koma nthambi zake zimafika pafupifupi ubongo wonse, ndipo ndi amene amathandiza munthu kukhala maso, kutchera khutu ndi kukumbukira chinthu chomudzidzimutsa. Amachepetsa ntchito m'tulo ndipo amakhala pafupifupi chete pa nthawi ya maloto. BP ya munthu wathanzi imatsika usiku ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 n'kukweranso kukamacha, ndipo kukwera kwa m'mawaku n'chimodzi mwa zifukwa zimene sitiroko ndi matenda a mtima adzidzidzi amachulukira m'maola a m'mawa, tsiku lisanabweretse mkangano uliwonse.

Chilungamo chikufuna kuti zivomerezedwe kuti m'ganizo la anthu lija muli kambewu ka choonadi. Mkwiyo ndi mantha zimakwezadi BP kwa kanthawi, nkhawa ya miyezi ndi zaka ingathandizire kuti matendawa ayambe, ndipo pali vuto la mtima lotchedwa takotsubo, limene linafotokozedwa koyamba ku Japan cha m'ma 1990, limene mtima umafooka mwadzidzidzi munthu atalandira uthenga woopsa. Komabe nkhawa ndi chimodzi chabe mwa zinthu zambiri zimene zimatokosa mitsempha ya sympathetic. Kunenepa kwambiri kumaitokosa, nikotini wa mu fodya amaitokosa, mowa wochuluka, matenda a impso, ndiponso vuto lija la anthu oliza mkonono amene mpweya wawo umaduka kangapo usiku, zonsezi zimaitokosa mwa munthu amene moyo wake uli myaa. Murray Esler ndi anzake a ku Melbourne m'dziko la Australia, poyeza noradrenaline yotaikira m'magazi kuchokera ku mtima ndi impso, anapeza kuti ndi yokwera mwa odwala BP ambiri ngakhale atagona phee. Ndiponso BP ikakhala yokwera kwa nthawi yaitali, mbali za mitsempha ya magazi zimakhuthala, impso zimazolowera muyezo watsopanowo, ndipo timaselo ta m'khosi tija timayamba kuona nambala yokwerayo ngati yoyenera, moti ngakhale ngongole itatha matendawo amakhala atadziimira paokha. Pamwamba pa izi pali mchere, msinkhu ndi chibadwa cha kumtundu, zimene mwa anthu ambiri akuda zimathandizira kwambiri kukweza BP, n'chifukwa chake mankhwala oyamba kuperekedwa kawirikawiri amakhala amlodipine kapena hydrochlorothiazide, amene sagwira ntchito kudzera m'mitsempha ya mauthenga. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kuli ndi ngozi yapadera pa mankhwala amene amakhudza noradrenaline. Raymond Ahlquist anaonetsa m'chaka cha 1948 kuti maselo ali ndi timakomo ta mitundu iwiri tolandirira uthengawu, totchedwa alpha ndi beta, ndipo James Black wa ku Scotland anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi popanga propranolol m'zaka za m'ma 1960, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1988. Mankhwala a gulu limeneli, kuphatikizapo atenolol, amatseka timakomo ta beta pa mtima, koma mtima ukatsekeredwa kwa miyezi umapanga timakomo tina toonjezera, moti wodwala akasiya lero lomwe noradrenaline imapeza makomo ochuluka ali pululu, mtima n'kuyamba kugunda mothamanga, ndipo amene mitsempha yake ya mumtima inachepa kale angamve ululu pachifuwa kapena kudwala mtima mwadzidzidzi. Pa matenda a kufooka kwa mtima nkhaniyi ndi yaikulu koposa, popeza thupi limathira noradrenaline yambiri pa mtima wotopa pofuna kuuthandiza, koma m'kupita kwa nthawi zimenezi zimaupha msanga. Ntchito ziwiri zazikulu za kafukufuku za m'chaka cha 1999 zinaonetsa kuti bisoprolol ndi metoprolol, akayambidwa pang'onopang'ono, amachepetsa imfa za odwala otere ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Methyldopa, amene amayi oyembekezera ambiri amamudziwa, amachepetsa mauthenga a sympathetic kuchokera mu ubongo, pamene amitriptyline, woperekedwa pa matenda a kukhumudwa ndi pa kutentha kwa mapazi kobwera ndi kuwonongeka kwa mitsempha, amaletsa mitsempha kuyamwanso noradrenaline. Ndipo noradrenaline yomweyo, imene ena amaiona ngati mdani, ndiyo mankhwala oyamba m'zipinda za odwala mwakayakaya pamene tizilombo talowa m'magazi BP n'kugweratu. Imaperekedwa mosalekeza kudzera pa makina chifukwa mphamvu yake imatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu.

Malangizo ake ndi achidule, ndipo sangalowe m'malo mwa dokotala amene wamuona wodwalayo. BP imadziwika poyeza basi, munthu atakhala pansi mphindi zisanu, kangapo pa masiku osiyana, ndipo nambala zofika 140/90 mobwerezabwereza zimafuna chithandizo kaya mtima uli pamtendere kaya ayi. Nambala yabwino mwa munthu amene akumwa mankhwala nthawi zambiri imasonyeza kuti mankhwalawo akugwira, ndipo ngati pali chifukwa chowachepetsera, monga chizungulire poimirira kapena kuchepa kwa mphamvu m'banja kumene abambo ambiri amachita manyazi kutchula, nkhaniyo ikambidwe kuchipatala kuti asinthidwe mwadongosolo. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku monga limalangizira bungwe la WHO, kuwerengera ndi wobisika mu soda, timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zouma zothira mchere, ndipo mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, amene amatulutsa noradrenaline m'mitsempha, odwala BP ayambe afunsa asanagule. Wachinyamata amene BP yake imakwera mwa apo ndi apo pamodzi ndi mutu waukulu, thukuta lochuluka ndi kugunda kwa mtima ayenera kufufuzidwa ngati alibe chotupa cha tiziwalo ta adrenal chotchedwa phaeochromocytoma, chimene chimapezeka mwa odwala BP osakwana mmodzi pa 100 alionse, koma chikapezeka opaleshoni imatha kuchichotsa.