Njira Ziwiri Zoyendamo Magetsi

Inu otchola tiyi ku Honde Valley ndi m'minda ya Tanganda ku Chipinge, tatsegulani tochi yanu. Muli mabatire awiri ondondozana, lililonse la mavoloti 1.5, pamodzi 3. Njira ya magetsi ndi imodzi yokha. Mukachotsa batire limodzi, tochi yazima.

Koma m'fakitale, makina opemerera mphepo yofotetsa masamba ali ndi njira yawoyawo. Amodzi akaima, ena apitirirabe, ndipo tiyi saonongeka.

Fyuzi amaiika dala pa njira imene magetsi onse adzera, kuti akachuluka isungunuke ndi kuwadula. Chotero ikapsa, musaikepo msomali kapena waya wamba, pakuti chotsatira chake ndi moto m'nyumba.