Galimoto ya dizilo imafuna mafuta oyera

Wamalonda amene wagula galimoto ya dizilo koyamba, monga Toyota Hilux kapena Isuzu, asamale kwambiri pa nkhani ya mafuta. Mafuta a m'zigubu amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala. Izi zimawononga pampu ndi ma injector, ndipo kukonzetsa kwake kungadye mpamba wonse.

Mafuta asamathereretu m'thanki, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini imakana kulira mpaka atautulutsa. M'mawa kukazizira, atembenuze kiyi n'kudikira kuti kanyali ka ma glow plug kazime asanalize. Akafika pa ulendo wautali atanyamula matumba, injini ya turbo aisiye ikulira mphindi imodzi kapena ziwiri asanaizimitse.

Akalakwitsa n'kuthira petulo, asayerekeze kuliza injini. Aitane makaniko adzakhuthule thanki yonse.