LAMYA YA MWANA: MTENGO WACE SUTHERA PA SITORO

Miyezi ya June, July ndi August ndiyo nthawi imene ndalama zimaoneka m'midzi ya m'cigawo ca kum'mawa. Cimanga cimakhala capita ku msika, thonje lagulidwa, nshawa ndi mpendadzuwa zakwera pa sikelo, ndipo bambo ndi mai amakhala pansi kugawa zimene apeza: izi za feteleza, izi za malata, izi za sopo ndi mcere, izi zosunga kuopa matenda. Pa nthawi yomweyo m'nyumba zambiri mumamveka pempho limene makolo akale sanali kulidziwa. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15 kapena 16 amafika nakhala pansi mwaulemu, nanena kuti anzace onse ku sukulu ali ndi lamya ya m'manja ndipo iye yekha ndiye watsala.

Pempho limeneli siloyenera kulikana msanga, ndiponso siloyenera kulivomera msanga. Kucokera mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, koma yunifomu, nsapato, makope ndi ndalama za ulendo zikali pa mapewa a makolo. Mlimi amalandira ndalama kamodzi pa caka, motero ngati zatayika pa lamya yosayenera palibe pena pozitenga kufikira masika ena. Cofunika kudziwa ndi cakuti mtengo wolembedwa pa sitoro ndi ciyambi cabe, pakuti lamya imadya ndalama tsiku ndi tsiku monga ciweto cosapita kubusa.

NCHITO YACE IDZIWIKE POYAMBA

Asanakwere basi kupita ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, makolo ndi mwana ayenera kugwirizana za nchito imene lamya idzagwira. Ngati cofunika ndi kulankhula ndi abale, kulandira ndalama za ulendo ndi kudziwitsa makolo kuti wafika bwino, lamya yaing'ono ya mabatani ikwanira. Mtengo wace ndi wocepa, moto wace umakhala masiku angapo, ikagwa pansi sisweka msanga, ndipo zambiri ziri ndi toci ndi wailesi yomvera Radio 1 ya ZNBC, Breeze FM kapena Radio Maria. Ngakhale zotsatira za mayeso a Examinations Council of Zambia zimapezeka pa lamya yotere potumiza uthenga ku nambala 8383.

Lamya yaikulu ya galasi, ija yoyendetsa ndi cala, imafunika pamene mwana ali m'makalasi apamwamba ndipo aphunzitsi amatumiza manotsi ndi mapepala a mayeso akale pa WhatsApp, kapena pamene afuna kuwerenga mabuku ndi kuona zithunzi za sayansi pa intaneti. Ndi canzeru kuti kholo lifunse mphunzitsi wamkulu poyamba, cifukwa masukulu ambiri, makamaka ogonera komweko, salola lamya pa sukulu, ndipo wopezeka nayo m'cipinda ca mayeso angathe kutaya zotsatira zace zonse. Kugula lamya yodula imene idzakhala m'sutikesi miyezi itatu ya temu iriyonse ndi kuononga ndalama.

NETIWEKI NDI MOTO

Cinthu caciwiri ndi malo amene mwana akhala. Makampani aakulu a lamya m'dziko lino ndi Zamtel, MTN imene inalowa mu 2005 pogula Telecel, ndi Airtel imene inatenga malo a Zain mu 2010. Palibe imodzi imene imamveka bwino ponseponse. M'mudzi wina imodzi imagwira m'nyumba momwe, pamene ina imafuna kukwera pa culu. Cotero afunsidwe anansi kuti ndi iti imene imagwira bwino pamudzi ndi ku sukulu, ndipo isankhidwe lamya yolowa masimu awiri. Okhala kufupi ndi malire, monga ku Mwami, Vubwi ndi Chanida, acenjere pakuti nthawi zina lamya imakoka netiweki ya ku Malawi kapena ku Mozambique, ndipo mitengo yace imasiyana ndi ya kuno.

Wogulitsa angatamande lamya yace kuti iri ndi 5G. Ndi zoona kuti MTN inayamba 5G m'dziko lino mu 2022, koma inayambira m'mizinda ikuluikulu, ndipo mwana wa kumudzi sasowa kulipirira cinthu cimene sadzacigwiritsa nchito. Lamya ya 4G ikwanira pa maphunziro onse.

Moto ndiwo vuto lina. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale okhala m'matauni anakhala maola ambiri tsiku liri lonse opanda magetsi, ndipo anaphunzira cimene anthu a kumidzi anacidziwa kale, kuti lamya yabwino ndi imene imasunga moto. Kukula kwa batire kumalembedwa pa bokosi ndi zilembo za mAh. Pa lamya ya galasi nambala yoyenera ndi 5,000 mAh kapena kufupi ndi pamenepo. Ngati pakhomo palibe sola, ndalama zochajitsa ku golosale ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa lamya.

ZOLEMBEDWA PA BOKOSI

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amakopeka ndi mtundu wonyezimira ndi makamera atatu kumbuyo, koma kholo liyang'ane manambala awiri olembedwa pa bokosi. Yoyamba ndi RAM, imene ndiyo mphamvu ya lamya yogwira nchito zingapo nthawi imodzi. Lamya za 2 GB ndizo zochipa, ndipo zambiri zimayenda ndi Android Go, imene inapangidwira lamya za mphamvu yocepa. Zimagwira nchito, koma zimacedwa zikadzaza. Ngati thumba lilola, 3 GB kapena 4 GB idzakhala zaka zambiri osabvuta. Nambala yaciwiri ndi nkhokwe yosungira zinthu. Pa 32 GB mbali yaikulu imakhala yatengedwa kale ndi mapulogalamu a lamya yeniyeniyo, motero 64 GB ndiyo yabwino, makamaka ngati pali poika memore kadi. Mwana wokhala ndi nkhokwe yokwana angathe kukopera mabuku ndi maphunziro pamene ali pa netiweki yabwino, nadzawerenga kumudzi popanda kulipira bandulo ina.

M'masitoro a m'maboma mumapezeka kwambiri lamya za itel, Tecno ndi Infinix, zonse zitatu zopangidwa ndi kampani imodzi ya ku China yochedwa Transsion, ndiponso za Samsung ya ku South Korea ndi za Nokia. Dzina pa lokha silinena zambiri. Funso lofunika ndi lakuti kodi okonza malamya a pa msika wapafupi ali ndi galasi ndi batire la mtundu umenewo, cifukwa m'manja mwa mwana lamya imagwa, ndipo galasi la mtundu wosowa lingadule kufupi ndi mtengo wa lamya yatsopano. Cikwama ca mphira ndi kagalasi kochinjiriza zigulidwe tsiku lomwelo.

KUWERENGA NDALAMA ZA CAKA CONSE

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Mwacitsanzo cabe, banja lingagule lamya ya K2,000 ndi kuganiza kuti nkhani yatha. Koma ngati mwana agula bandulo ya K5 tsiku liri lonse, pa masiku 365 ndalamazo zikwana K1,825, ndiko kuti kufupi ndi mtengo wa lamya ina. Poonjezera tokotaimu, kuchajitsa ndi kukonzetsa, caka coyamba cokha cingadye ndalama zoposa kawiri mtengo wa pa sitoro. Cifukwa cace ndi bwino kugawa ndalama zimene ziripo pawiri, gawo lina la kugula ndi gawo lina la kudyetsa lamyayo, ndi kuuza mwana poyera kuti pa mwezi adzalandira zakuti, zikatha zatha. Bandulo ya pa mwezi kapena ya pa sabata kawirikawiri imachipa kuposa kugula ya tsiku ndi tsiku.

Masiku ano kuli ogulitsa ena amene amapereka lamya pa ngongole, munthu napereka ndalama pang'ono poyamba ndi kumalipira tsiku ndi tsiku. Njira imeneyi imaoneka yopepuka, koma iwerengedwe ndi pensulo. Ngati, mwacitsanzo, coyamba ndi K500 ndipo pambuyo pace K10 pa tsiku kwa masiku 300, zonse pamodzi ndi K3,500. Ndiponso lamya zotere zimadzitseka zokha wolipira akaphonya. Kwa mlimi ngozi yace iri m'miyezi ya January ndi February, pamene ndalama zasowa ndipo nkhokwe yatsika. Kudikira mwezi umodzi kapena iwiri ndi kugula ndi ndalama zonse pamanja kumapulumutsa zambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

LAMYA YAKALE NDI LAMYA YAKUBA

Lamya yogwirapo kale nchito ingathandize banja losauka, makamaka ngati icokera kwa mbale wodziwika, monga malume kapena mkulu wace wa mwanayo amene ali ku Lusaka. Yogula kwa munthu wosadziwika pa siteshoni ya basi iri ndi ngozi zitatu. Batire lingakhale lotopa. Android yace ingakhale yakale kwambiri, ndipo mapulogalamu amaleka kugwira pa lamya zotere, monga mmene WhatsApp inalekera mu 2023 pa lamya za Android yosafika pa 5. Ngozi yacitatu ndi yakuti ingakhale yakuba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Lamya iriyonse iri ndi nambala yaceyace ya manambala 15 yochedwa IMEI. Wogula akadina *#06# nambalayo imaonekera pa galasi, ndipo iyenera kufanana ndi yolembedwa pa bokosi. Ilembedwe m'kope ndi kusungidwa kunyumba, cifukwa apolisi amaifuna lamya ikabedwa. Mwini wakale acotse akaunti yace ya Google wogula akuona, apo ai lamyayo ingadzatsekeke osatsegukanso. Pa lamya yatsopano wogula atenge lisiti lolembedwa tsiku, mtengo ndi nthawi ya waranti. Lamulo loteteza ogula la mu 2010 limaletsa masitoro kupacika zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo wodandaula angapite ku kabungwe ka CCPC, koma popanda lisiti mlandu umabvuta.

SIMU NDI CITUPA

Kabungwe ka boma koyang'anira za malamya, ka ZICTA, kamafuna kuti simu iriyonse ilembetsedwe ndi citupa. Citupa ca NRC cimatengedwa munthu akafika zaka 16, motero simu ya mwana wosafika pamenepo ilembedwe m'dzina la kholo, ndipo kholo lidziwe kuti cocitika pa nambalayo cidzafunsidwa kwa iye. Simu yogula pa njira, yolembedwa kale m'dzina la munthu wina, ikanidwe.

Mwana aphunzitsidwenso za mbala za pa lamya, zija zotumiza uthenga wakuti ndalama zitumizidwe pa nambala ina, kapena zonama kuti munthu wapambana mphotho. Nambala yacinsinsi ya PIN sauza munthu ali yense, ngakhale wonena kuti ndi wa ku kampani. Nambala za akuba otere zinganenedwe ku ZICTA podina *707#.

PANGANO LA PAKHOMO

M'mera mpoyamba. Malamulo amene sanaikidwe tsiku lofika lamya amabvuta kuwaika pambuyo pace. Banja ligwirizane kuti usiku lamya igona m'cipinda ca makolo, kuti nthawi ya kumunda, ya cakudya ndi ya kuwerenga lamya ikhala pambali, ndi kuti kholo liri ndi ufulu woyang'ana m'kati mwana alipo. Facebook, TikTok ndi WhatsApp salola ana osafika zaka 13, ndipo masewera a kubecha, amene amameza ndalama za acinyamata ambiri, ndi oletsedwa kwa osafika zaka 18. Mwana auzidwe kuti cithunzi cikatuluka m'lamya sicibwereranso. Ngati wina amuopseza kapena kumunyengerera pa lamya, auze makolo kapena aphunzitsi, kapena aimbe kwaulere nambala 116 yothandiza ana.

Pali cifukwa cinanso cimene makolo a atsikana sayenera kungokana ndi kutseka nkhani. Mtsikana amene wakanidwa popanda kufotokozeredwa angathe kulandira lamya kwa mwamuna wamkulu, ndipo mphatso zotere zimadzalipiridwa ndi mimba ndi kusiya sukulu. Lamya yaing'ono yocokera m'manja mwa bambo ndi mai iposa yaikulu yocokera kwa mlendo. Mwana akabwera ndi lamya imene makolo sanagule, afunsidwe mofatsa kumene yacokera tsiku lomwelo.

Banja limene ndalama zace sizikwana caka cino lisacite manyazi. Lingayambe ndi lamya ya mabatani, kapena kugula ya galasi imodzi ya nyumba yonse imene mwana adzabwereka pa maola a kuwerenga. Mwanayo angapatsidwenso mizere yace ya nshawa kapena nkhuku zace zoweta, kuti pa masika a caka camawa aikepo gawo lace pa mtengo. Mwana amene anatuluka thukuta pa lamya yace amaisunga bwino, ndipo amadziwa kuwerenga mtengo wa bandulo asanadine batani.