Mapilitsi a nyamakazi akhoza kuwononga maso a agogo

M'dera la T/A Jenala m'boma la Phalombe, munthu wachikulire akayamba kudandaula maondo ndi chiuno, abale sachedwa kunena kuti ndi nyamakazi ya ukalamba. Akayamba kuona ngati kunja kwachita nkhungu dzuwa likuswa mtengo, amati ndi ukalamba womwewo. Komatu nthawi zina mavuto awiriwa amalumikizana, ndipo chowalumikiza ndi mapilitsi omwe ana amagulira makolo awo pamsika pofuna kuwathandiza.

Nyamakazi yomwe imagwira achikulire ambiri imadza kaamba ka kuperepeseka kwa chicherewecherewe cha molumikizana mafupa. Zaka zambiri zogwira khasu m'munda wa nandolo, kuwerama pooka mpunga ndi kusenza mitolo ya nkhuni zimasiya chizindikiro m'maondo. Vutoli silitheratu, koma ululu wake umachepetseka.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pakati pa mankhwala omwe ena amagula mwachisawawa pali timapilitsi totchedwa prednisolone. Munthu akamwa, ululu umazizira msanga, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo banja limasangalala kuti agogo achira. Koma akamwa kwa miyezi yambiri popanda dokotala kuwayang'anira, timapilitsiti timayambitsa ng'ala, timakweza shuga, timafewetsa mafupa, komanso tikhoza kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kudzetsa matenda a glaucoma. Nawo Brufen ndi Indocid, akamwedwa tsiku ndi tsiku, amatukula zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Yemwe wamwa prednisolone kwa nthawi yaitali asasiye lero ndi lero, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo akhoza kudwala mwakayakaya. Achipatala ndiwo amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Mwayi ulipo ndi wakuti ng'ala imachotseka. Opaleshoni yake kawirikawiri siposa mphindi 30, ndipo wodwala sagonetsedwa tulo ayi. Dokotala amachititsa dzanzi diso lokhalo, kuchotsa kagalasi kachibadwa komwe kayera, n'kuikamo kena kochita kupanga. Ambiri amayamba kuona m'mawa mwake akangomatula bandeji. Ntchitoyi imachitika pachipatala chachikulu cha Zomba komanso pachipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ndipo ulendo wake umayambira pachipatala chaching'ono chakufupi kapena cha boma ku Migowi, komwe amalemba kalata yotumizira wodwala.

Glaucoma ndiye ndi ina. Imadya mtsempha wa diso mwakachetechete, nthawi zambiri popanda ululu, kuyambira m'mbali, ndipo chomwe yawononga sichibwerera. N'chifukwa chake kudikira kuti tiyambe takolola, kapena kuthira madzi a zitsamba m'maso, kumangotayitsa nthawi yomwe ikanapulumutsa diso.

M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda yomwe idachititsa khungu anthu ambiri m'midzi. Ng'ala ndi glaucoma zikadalipobe.

Pomuperekeza wachikulire kuchipatala, ndi bwino kunyamula mapaketi a mankhwala onse omwe wakhala akumwa, ngakhale ogula pamsika, n'kumuonetsa dokotala mosabisa. Maondo nawo amafuna kuyendayenda pang'ono tsiku lililonse, kuwathowa ndi kansalu kofunda, ndi ndodo yogwirira kudzanja lomwe lili mbali ya mwendo wabwino.