Nsapato za Abambo pa Khomo la Chipinda Chodyera ku Nyanja

M'mwezi wa Okutobala chaka chatha tidali pa msonkhano wa masiku atatu pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja, imene sitiitchula dzina. Pa msonkhanopo padali akuluakulu a m'maofesi a boma, alangizi a maphunziro ndiponso aphunzitsi aakulu ochokera m'maboma angapo. Tsiku loyamba dzuwa lidaswa mtengo, kotero kuti pofika madzulo aliyense adali atavula jekete ndi tayi. Nthawi ya chakudya chamadzulo itakwana, mphunzitsi wamkulu wina, bambo aimvi zawo amene aphunzitsa ana a anthu kwa zaka zambiri, adafika pa khomo la chipinda chodyera atavala malaya oyera ndi thalauza losita bwino, koma ku mapazi adali ndi patapata. Mnyamata woperekera zakudya adawayandikira nawanong'oneza mwaulemu kuti madzulo patapata saloledwa m'chipindamo. Bambowo sadayankhe kanthu. Adabwerera ku chipinda chawo chogona, ndipo usiku umenewo adagona ndi njala. M'mawa mwake tidamva kuti mapazi awo adali atatupa ndi kutentha, nsapato zawo zachikopa zidakana kulowa, ndipo adalibe zina.

Nkhaniyi tikadangoiiwala kukadapanda zimene tidaona patangopita mphindi zowerengeka. Pa khomo lomwelo padalowa mlendo wochokera kunja kwa dziko lino, atavala kabudula ndi patapata zamchengamchenga, ndipo adalandiridwa ndi manja awiri napatsidwa tebulo loyang'ana ku madzi. Palibe amene adamunong'oneza kanthu.

Tiyambe ndi mbali imene ikukhudza ife eni, pakuti ambiri mwa awerengi athu amatumidwa ku misonkhano ya ku Mangochi, ku Senga Bay ndi ku Chintheche, ndipo sakhala ku maloko ngati anthu wamba ongodzasambira, koma ngati nthumwi za ofesi kapena sukulu imene yawatuma.

Mahotela apamwamba a malo opumulirako, kuno kwathu ndi kunja komwe, amasiyanitsa usana ndi usiku. Pa chakudya cham'mawa ndi chamasana, makamaka pa malo odyera apabwalo oyandikana ndi gombe, kabudula ndi nsapato zoonetsa zala sizikhala mlandu, bola munthu asalowe ali chifuwa pamtunda kapena zovala zake zikudontha madzi. Dzuwa likalowa zinthu zimasintha. Mahotela ambiri otere amalemba pa khomo kapena m'kabuku ka m'chipinda mawu awiri a Chingerezi akuti smart casual, mawu amene asokoneza anthu ophunzira ambiri. Tanthauzo lake kwa bambo si suti ndi tayi ayi. Ndi thalauza lalitali, malaya a kolala, ndi nsapato zaukhondo zobisa zala. Malaya achitenje osokedwa bwino, onga amene ambiri a ife timavala Lachisanu, amakwanira bwino lomwe pa muyeso umenewu. Suti ndi tayi ndi mwambo wa mahotela ena a m'mizinda ikuluikulu, monga Ritz ya ku London, imene idatsegulidwa mu 1906 ndipo idatchuka ndi kufuna jekete ndi tayi kwa bambo aliyense wodya m'chipinda chake chachikulu. Ku nyanja m'mwezi wa Novembala munthu wovala motero angodzizunza chabe.

Chimene chimagwetsa abambo ambiri ndi nsapato. Munthu amasankha malaya mosamala, namangira lamba wabwino, koma poti ali ku nyanja amaganiza kuti phazi lapatsidwa tchuthi. Patapata, masilipasi a m'bafa, nkhwayira, nsapato zapulasitiki zamabowo ndi nsapato zothamangira zimene zadya fumbi la m'bwalo la mpira, zonsezi malo ake alipo, koma si pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Nsapato zachikopa zamalamba zoonetsa zala zili pakatikati: hotela ina imazilola madzulo, ina imazikana, ndipo apa ndi pamene mwambi uja wakuti safunsa adadya phula umagwira ntchito. Kufunsa pa lamya ulendo usanayambe, kapena pa malo olandirira alendo pofika, sikuchotsa ulemu wa munthu.

Ena amati nsapato yotseka ndi chilango pa malo otentha. Akunena zoona ngati akuganiza za nsapato yakuda yakuofesi ya mtundu wa Oxford, imene mbali zake zomangira zingwe zidasokeredwa pansi pa chikopa chakutsogolo, kotero kuti phazi likatupa ilibe pomasukira. Imeneyi ndiyo idawagoneka ndi njala bambo aja. Koma mitundu ya nsapato zotseka ndi yambiri, ndipo ingapo mwa iyo idapangidwira moyo wopuma womwewu. Nsapato ya mtundu wa Derby imaoneka ngati yakuofesi, koma mbali zake za zingwe zidasokedwa pamwamba, motero munthu angathe kuimasula phazi likafuna mpata. Nsapato yopanda zingwe yongolowetsa phazi, imene Angerezi amati loafer, idafala kuchokera mu 1936 pamene kampani ya G. H. Bass ya ku America idayamba kugulitsa yake potengera nsapato za anthu a ku Norway. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1935, Paul Sperry, munthu wokonda kuyenda pa madzi, adapanga nsapato ya m'boti yokhala ndi mphira wochekedwacheka timizere kunsi kwake kuti isaterere pa thabwa lonyowa, nzeru imene adaitenga ataona galu wake akuthamanga pa madzi oundana osagwa. Ndipo nsapato yofewa yofika m'kakolo imene kampani ya Clarks idayamba kugulitsa mu 1950 idatengera zimene asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankasoketsa mu mzinda wotentha wa Cairo. Zonsezi zimapezeka m'masitolo a nsapato ndi pa kaunjika pomwe, ndipo woperekera zakudya safunsa mtengo wake kapena kumene idagulidwa. Amangoona ngati yapukutidwa ndi ngati yabisa zala.

Pali chifukwa china chimene aphunzitsi a sayansi angatiikire umboni. Udzudzu wofalitsa malungo umayamba kuluma dzuwa likalowa, ndipo umakonda kwambiri mapazi ndi akakolo. Bambo wokhala pa khonde la hotela madzulo, mapazi ali pamtunda kunsi kwa tebulo kumene kuli mdima, ndiye kuti wauyalira mphasa. Thalauza lalitali, masokosi opepuka ndi nsapato yotseka zimamuteteza kuposa mmene amaganizira. Onjezanipo tambula yosweka, msuzi wotentha wa chambo ndi pansi poterera, mudzaona kuti lamuloli silidachokere ku kunyada kokha. Za ku mapiri sitichulukitsa mawu: amene adagonapo pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, m'mwezi wa Juni safuna kuuzidwa kuti avale nsapato.

Tsono wina adzafunsa kuti, kodi dziko lino silidasiyane nawo kale malamulo a kavalidwe? Funsoli ndi loyenera ndipo lifunika yankho losapsatira. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, limene lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi madiresi osabisa mawondo pa malo oonekera anthu. M'zaka zomwezo abambo adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa pofika pa bwalo la ndege kapena pa chipata cha m'malire. Mtsogoleri wa nthawiyo, Dr. H. Kamuzu Banda, ankaonekera pa gulu atavala suti yakuda, chipewa kumutu ndi litchowa m'manja, ndipo wogwira ntchito m'boma aliyense adaphunzira kuti tayi ndi mbali ya ntchito yake. Chodabwitsa nchakuti malo opumulirako a ku nyanja ndiwo adali pakati pa malo ochepa kumene lamulo la 1973 linkafewa, kuti alendo asambire ndi kuwothera dzuwa momasuka. Lamulolo lidathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu, ndipo sitikupempha kuti libwerere.

Koma lamulo la boma ndi mwambo wa pa nyumba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lamulo la boma linkatsata munthu pa msewu, pa msika ndi pa depoti, ndipo wolakwira ankakumana ndi wapolisi. Mwambo wa chipinda chodyera umathera pa khomo lake, ndipo wosaufuna angathe kukadya pa malo apabwalo kapena kuitanitsa chakudya ku chipinda chake. Ngakhale kumudzi, munthu sapita ku bwalo la mfumu kapena ku chinkhoswe atavala zimene adavala ku dimba. Palibe amene adalemba zimenezi pa pepala, koma wolakwitsa amaona yekha mmene anthu akumuyang'anira. Mphunzitsi amene Lolemba lililonse amaimika ana pa mzere nayendera zikhadabo, makolala ndi nsapato zawo sangadabwe kuti nyumba ina ili ndi muyeso wake. Nduna ya mfumu ikavala mosasamala, anthu sanyoza nduna yokhayo.

Tabwera tsopano pa mbali ya eni mahotela, ndipo apa tikufuna kulankhula momveka. Nkhani ya chovala pa khomo ili ndi chipsera m'mbiri ya dziko lino. M'nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayembekezeredwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu pa njira, ndipo ili lidali limodzi mwa madandaulo amene adamveka pa kafukufuku wochitika pambuyo pa kuwukira kwa M'busa John Chilembwe mu 1915. Chilembwe yemweyo ankavala suti, nalimbikitsa anthu ake ku Mbombwe kuvala mwaudongo, posonyeza kuti mwana wa dziko lino sachepera munthu aliyense. Atsamunda ambiri sadakondwere nazo. Kwa iwo munthu wakuda wovala bwino adali wodzikuza, ndipo makalabu ndi mahotela awo adakhala otsekeka kwa eni dziko kwa zaka zambiri, kaya avale bwanji. Choncho pamene mphunzitsi wamkulu wa Chimalawi abwezedwa pa khomo chifukwa cha patapata, mlendo wa patapata zomwezo nalowa, anthu oona sakumbukira za udzudzu kapena za tambula yosweka. Amakumbukira chipewa chija.

Tikudziwa chimene chimachititsa. Mlendo wakunja amabwera ndi ndalama zakunja, amene dziko lino limazisowa, ndipo mnyamata wa pa khomo amaopa kuti akamubweza adzadandaula kwa bwana kapena kulemba zoipa pa intaneti. Mmalawi mnzake samuopa, pakuti amadziwa kuti adzangobwerera mwakachetechete. Sitikuimba mlandu mnyamatayo, amene malipiro ake ndi ochepa ndipo amangotsata zimene waona kuti akuluakulu ake amalekerera. Mlandu uli kwa oyang'anira. Ngati hotela ili ndi lamulo la kavalidwe, lilembedwe poonekera, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo litchule zinthu ndi maina ake: kabudula, vesiti, patapata. Mawu awiri a Chingerezi aja paokha sathandiza munthu. Mlendo auzidwe pa nthawi imene akulembetsa chipinda, osati pamene wafika kale pa khomo anzake akumuona. Ndipo likhale lamulo la aliyense. Hotela imene ilibe mtima wobweza mlendo wa ku Ulaya ichotse chikwangwanicho, ilole onse adye mmene afikira. Oyang'anira akumbukirenso kuti m'miyezi imene alendo akunja amachepa, zipinda zawo zimadzaza ndi misonkhano ya anthu omwewa, a m'maunduna, a m'mabungwe ndi a m'sukulu.

Munthu wodwala phazi, wa bala, wa matenda a shuga kapena wotupa miyendo ngati bambo aja, ayenera kumveredwa. Woyang'anira wanzeru amamupezera tebulo mwakachetechete, kapena kutumiza chakudya ku chipinda chake ndi mawu opepesa. Usiku uja palibe amene adatsatira bambowo kukafunsa ngati adya, ndipo ife amene tidaona tili m'gulu la olephera, pakuti tidapitiriza kudya chambo chathu.

Okonza misonkhano nawonso ali ndi gawo lawo. Kalata yoitanira nthumwi imafotokoza tsiku, malo, ndalama zoyendera ndi za malo ogona, koma sitidaonepo yotchula za kavalidwe ka madzulo. Mlembi amene wakambirana ndi hotela za mtengo wa zipinda angathe kufunsanso funso limodzi ili, nawonjezera mzere umodzi m'kalatamo. Mphunzitsi wochokera ku sukulu ya kutali, amene mwina aka nkoyamba kugona pa malo otere, adzadziwa choika m'chikwama asananyamuke: nsapato imodzi yofewa yotseka kuwonjezera pa yakuofesi, masokosi opepuka, ndi kachitini ka polishi ndi burashi yake, pakuti mchenga wa ku gombe suchedwa kuyeretsa chikopa.

Tsiku lachiwiri la msonkhano uja, mlangizi wina wa maphunziro adawabwereka bambowo nsapato zake zofewa zofiirira, zokulirapo pang'ono, ndipo adalowa m'chipinda chodyera popanda wowaimitsa. Mlendo uja adali atakhala kale pa tebulo lake loyang'ana ku madzi, patapata zake atazivula nazisiya pansi pa mpando.